Pomwe Panali Chipini

Nkope, Lachinayi masana

Zomwe ndinawerenga m'chikwama chako Lolemba:

Zitenje: 4
Madiresi: 6
Mipango: 5
Nsapato, mapeya: 3
Zovala zonse pamodzi: 18
Mpunga, makilogalamu: 5
Chambo chowamba: 8
Mapepala a ulendo: 6
Pepala lomwe si la ulendo: 1
Mapepala onse pamodzi: 7

Patuma mwana wanga,

Unandipempha wekha kuti ndikuthandize kulongedza, ndipo ukudziwa kuti ine sindilongedza chinthu ndisanachiwerenge. Zaka 34 zophunzitsa masamu zinandisiyira khalidwe limeneli. Pepala lachisanu ndi chiwirilo linali m'thumba la m'mbali, lopindidwa panayi. Pali nkhope yako kawiri. Kumanzere kuli iwe amene ndinabereka. Kumanja kuli iwe yemweyo, koma mphuno yachepetsedwa m'mbali ndipo nsonga yake yadzutsidwa. Pansi pali dzina la chipatala cha ku Joni ndi tsiku lokaonana ndi dokotala, patatha masabata asanu utafika. Chingerezi chonsecho ndinachiwerenga, ndi timalemba tating'ono ta m'munsi tomwe.

Ndayesa katatu kukufunsa pakamwa ndipo katatu konse ndakufunsa za tikiti. Mawa m'mawa ukwera basi, choncho ndikulemba pano uli ku boma kukatsanzika anzako. Kalatayi uipeza pakati pa mipango. Za mtengo wake sindinena, unagwira ntchito wekha ku loji ya ku Chembe. Ndinena za mantha anga, chifukwa chiyambire Lolemba ndikuopa mmene sindinaoperepo, ngakhale pamene bambo ako ankadwala matenda awo omaliza.

Ndiyambe ndi kuchotsa bodza. Iwe ndi azikulu ako mumadziwa kuti chipsera cha pamphuno panga chinabwera ndi koloboyi amene anandigwera ndili mwana. Panalibe koloboyi. Ndinachita kupita ndekha kwa munthu kuti andidule.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditangotuluka ku chinamwali cha nsondo kwathu ku Malindi, amayi anga, anganga ako amene sunawapeze, anandiboola mphuno kumanzere ndi munga. Anaikamo kaudzu, patapita masiku anaikamo kokulirapo, mpaka chibowo chinakwana chipini. Chipinicho chinali cha amayi awo, chachitsulo choyera, kukula kwake ngati batani la jekete. Tsiku lomwe ndinachivala ndinapita kukatunga madzi kasanu, mtsuko uli wodzaza kale, kuti anthu andione. Kusukulu ya mishoni ankatiuza kuti tizivula polowa m'kalasi, ndipo tinkavula, nkuvalanso potuluka. Palibe ankaona chachilendo. Theka la atsikana a m'kalasi mwathu linali ndi chibowo chomwecho.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ku koleji ya aphunzitsi. Chipini ndinachisiya kumudzi, koma chibowo ndinapita nacho, ndipo m'chipinda chogona atsikana makumi atatu ndinali ndekha wa kunyanja. Panali mtsikana wina wa m'tauni, dzina lake ndikulikumbukira mpaka lero koma sindililemba. Tsiku lina tikudya anandiyang'ana nati, “Abiti, kodi mvula ikamagwa mumatchera beseni m'kamwa?” Tebulo lonse linaseka. Inenso ndinaseka. Pambuyo pake ndakhala ndikuwerengera bwino, ndipo ndapeza kuti mtsikanayo ananena za mphuno yanga kanayi kokha m'zaka ziwiri. Kanayi. Koma ine ndinkadzibwerezera mawu akewo posamba, podzola, poyimirira kutsogolo kwa kalasi. Iye mwina anayiwala asanatsuke mbale yake. Nditamva za bambo wina wothandizira madokotala amene ankasoka zibowo zotere kunyumba kwake Loweruka masana, sindinafunse munthu aliyense. Anadula m'mphepete mwa chibowo, nkusoka katatu, nkundiuza kuti pakatha masabata awiri palibe adzadziwe kuti panali kanthu.

Ndinakondwa masiku 19. Ndinkakweza dzanja m'kalasi, ndinkadya nditawongola khosi. Tsiku la makumi awiri panayamba kuyabwa, kenako panatuluka kanyama kolimba. Kanali ngati mapira, kanafika ngati nyemba, chaka chisanathe kanali ngati mtedza. Thupi la kwathu likavulala silingopola, limaunjika nyama pamwamba pa bala. Gwira kuseri kwa khutu lako lamanzere, Patuma. Kampira kamene kali pamenepo chibooletsere makutu uli ndi zaka zisanu ndi zinayi ndi nyama yomweyo. Unatengera ine. Usayiwale khutu limenelo.

Koma za nyamazi ndi mantha ang'ono. Mantha akulu ali m'kati mwa masiku 19 aja, ndipo izi sindinauzepo munthu. Patsiku lachisanu ndi chimodzi, ulusi utangochotsedwa, mphuno ili yosalala mmene ndinkafunira, ndinayima pagalasi kuti ndisangalale. Ndinaona mpata wa mano anga akutsogolo. Mpatawo unalipo chibadwire, kumudzi ankautama, koma tsiku limenelo ndinauona ngati khomo losatseka. Mawa lake ndinaona kuti chipumi changa nchachikulu. Diso langa linali litazolowera ntchito yosaka cholakwika, ndipo nditalichotsera chibowo silinapume, linangosamukira pena. Chikhala kuti chipsera sichinatupe, ndikudziwa kuti ndikanayamba kufunsa za mano. Panalinso china. Ndikadzidzimuka ndi nkhope yanga pawindo la sitolo, ndinkatenga kanthawi ndisanadziwe kuti ndine. Ndinkaona mtsikana wooneka bwino ndithu, koma wopanda kwawo.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita ndili ndi nzeru zonse, nditayamba kale ntchito. Ndinapita kuchipatala chenicheni kuti achotse mtedza uja. Dokotala anali munthu woona mtima. Anandiuza kuti nyama yotere ikadulidwa ikhoza kubwerera yokulirapo, ndipo anandipempha kuti ndipite kunyumba ndikaganize mwezi umodzi. Ndinabwerera patatha masiku anayi. Pa mawu ake onse ndinamva “ikhoza” yekha, nkudziuza kuti ikhozanso osabwerera. Inabwerera, nkukoka mphuno mbali imodzi mmene ukuionera lero. Pambuyo pake anandibaya jakisoni kasanu ndi kamodzi pachipserapo kuti chiphwe, ndipo chinaphwa pang'ono. Zaka zimenezo ndinkayenda ndi kagalasi m'kati mwa buku lokonzera maphunziro. Lamulungu lina ndinafuna kudziwa kuti ndimadziyang'ana kangati, ndiye ndinkalemba kamzere kuchikuto kwa bukulo nthawi iliyonse. Pofika nthawi yopemphera swala yamadzulo timizere tinali 41. Sindinkayang'ana kuti ndikonze kanthu. Ndinkangofuna kuona ngati chakula chiyambire ola lapitalo. M'kalasi ndinkaphunzitsa nditayang'ana bolodi, mpaka ana a sitandade 7 anandipatsa dzina loti Amsana. Ndinalimva pawindo tsiku lina, mwana akuchenjeza anzake kuti Amsana akubwera. Anali ndi chifukwa. Nkhope yanga ankaiona poitana mayina basi.

Uone bwino apa, Patuma. Chibowo chija chinkasekedwa ndi munthu mmodzi. Chipsera sichinasekedwe ndi munthu aliyense pamaso panga, ngakhale mmodzi. Koma chinandilanda zambiri kuposa chibowo, chifukwa ndinali nditachisankha ndekha, ndipo ndinalibe wina womuloza chala.

Cholakwa chachitatu ndicho chimandiwawa kwambiri. Sindinapite kwa amayi zaka zitatu. Ndinkatumiza sopo, shuga ndi makalata omwe mlongo wanga ankawawerengera. Tchuthi chilichonse ndinali ndi chifukwa chatsopano: kuchonga mayeso, msewu woipa, malungo. Ramadani itatu inadutsa osamasula nawo kusala kudya ngakhale tsiku limodzi. Sindinkadziwa kuti ndikawayang'ana bwanji anthu amene anandivinira tsiku lovala chipini. Chaka chachitatu amayi anakwera lole ya nsomba okha, munthu wosadziwa kuwerenga zikwangwani, nkufunsa njira mpaka anandipeza pasukulu. Ndinatuluka m'kalasi dzanja lili pamphuno. Iwo anakhala pansi pa mtengo wa mango, nkuyamba kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje. Munali chipini. Ankaganiza kuti ndinachiyiwala ndipo ndikuchisowa. Anandiuza kuti ndichotse dzanja, ndinachotsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anamanganso mfundo ija pang'onopang'ono. Anandifunsa m'Chiyao, ndipo anandiitana ndi dzina la ntchito, lomwe anali asanandiitanirepo.

“Aphunzitsi, telala wanu ndani?”

Ndinayamba kufotokoza za koleji, za mtsikana uja, za dokotala. Anandidula.

“Mphuno ndi yanu. Ine ndadzera zaka zitatu zanga.”

Anagona masiku awiri. Sanatchulenso za mphuno, koma ankandiyang'ana ndikamadya, ndikamachonga makope, ngati munthu amene akuloweza njira. Anamwalira patapita zaka ziwiri. Ndikachotsa zitatu zija pa zaka zisanu zomaliza za moyo wawo, ndimatsala ndi ziwiri. Masamu amenewa ndimawabwereza chaka chilichonse tikamachita sadaka yawo, ndipo yankho silisintha.

Bambo ako anandipeza ndili kale chonchi. Ankakonza mainjini a maboti, manja ali mafuta okhaokha, ndipo zokongoletsa mawu sankazidziwa. Nditawafunsa tisanakwatirane ngati chipsera sichikuwanyansa, anaseka nkunena kuti iwo akukwatira munthu yense, mphuno yangobwera nawo ulendo. Ananena zofanana ndi zimenezi zaka 29, ndipo zaka 29 ndinkaganiza kuti akungondimvera chisoni. Munthu anandikonda moona, ine nkumachotsera. M'buku lathu la zithunzi muli zithunzi 63. Ine ndili m'zisanu. Pa zisanuzo, zitatu ndatembenukira kumanzere kuti chipsera chibisike, ziwiri ndagwira mpango pakamwa ngati kuli fumbi. Palibe chithunzi chomwe ndakunyamula uli khanda. Ndinkakupereka kwa azakhali ako wojambula akafika.

Cholakwa chachinayi ndinakulakwira iwe. Uli ndi zaka zinayi unayamba kupereka moni kwa alendo dzanja lina litaphimba mphuno. Anthu ankaseka kuti mwanayu akutsanzira mayi ake, inenso nkumaseka. Sindinaganize kuti ndikukuphunzitsa kuti mphuno ndi chinthu chobisa. Ndiye pali tsiku lija uli fomu 1, ndikukuluka tsitsi pakhonde. Unatembenuka, ndipo ndinanena kuti zonse unatenga bwino koma mphuno unatenga ya bambo ako, yokhala chokhala ngati yatopa. Ndinanena mocheza, kamodzi kokha. Unaseka. Ine ndikudziwa kuseka kumeneko, ndinasekapo patebulo la ku koleji. Ngati mawu amene umadzibwerezera posamba ali angawa, undikhululukire, mwana wanga. Anali mawu a munthu wodwala maso ake, sanali muyeso wa nkhope yako.

Tsiku la Idi yapitayi ndinakhala pampando ndikukuona ukudzijambula ndi foni pafupi ndi mpanda. Unajambula zithunzi 27. Unasankha chimodzi, nkuyamba kuchisisita ndi chala mpaka mphuno inaphwa, ndiye nkutumiza kwa msuweni wako Asiyatu, amene ukukakhala naye ku Joni. Unandionetsa nkundifunsa ngati chili bwino. Ndinati chili bwino. Ndinayenera kunena kuti mtsikana wa pachithunzicho sindikumudziwa. Galasi langa linali laling'ono ndipo linkangondionetsa zomwe zilipo. Lako limakuonetsa munthu wina amene kulibe, nkumakuyerekeza naye tsiku lonse. Ine timizere tanga tinafika 41. Sindifuna kudziwa kuti tako tingafike pati.

Usandimve molakwa. Sindikunena kuti mpeni wa dokotala ndi woipa. Mdzukulu wa a Bakali, oyandikana nafe, anabadwa ndi mlomo wong'ambika, anamusoka, lero akuyamwa bwino ndipo adzayankhula bwino. Pamenepo ndimathokoza Mulungu. Sindikunenanso kuti madokotala a ku Joni ali ngati bambo wosoka Loweruka uja. Mwina ndi akatswiri. Mwina khutu lako adzaliona nkupeza njira, mphuno nkutuluka ngati ya papepala lija. Zimenezonso ndikuziopa, Patuma. Ndikuopa kuti zidzayenda bwino, iwe nkukondwa masabata awiri kapena atatu, kenako m'mawa wina nkuona chibwano chako. Ndikuopa kuti munthu akadzakuyamikira udzati akuyamikira ntchito ya dokotala. Ndikuopa kuti udzabereka mwana wa mphuno ya bambo ako, nkumamuyang'ana mmene ndinakuyang'anira pakhonde paja.

Sindikudziwa amene anayambitsa zimenezi mumtima mwako. Kaya ndine, kaya ndi alendo a ku loji, kaya ndi Asiyatu, kaya pali mnyamata amene sunandiuze. Ukhale pansi m'basimo uwerenge kuti munthuyo ananena kangati, ndipo iwe wadziuza kangati. Ulembe manambala awiriwo moyandikana. Ndikanachita zimenezi ndili ndi zaka 22, bwenzi lero ndili ndi kachibowo kamene ana a masiku ano akuchita kulipira kuti awaboole.

Chatsala cholakwa chimodzi, cha sabata ino. Pasipoti yako sinasowe. Ndinaitenga ine Lolemba lomwelo, nditangowerenga pepala lija, nkuiika m'chitini cha mapepala anga a penshoni. Unagwetsa nyumba yonse pofunafuna. Unakayikira mayi amene amatigulitsa nkhuni, munthu wosalakwa, ine ndili chete. Ndinakuthandiza kunyamula matiresi. Lachiwiri masana unakhala pansi m'chipinda mwako nkumalira mopanda mawu, ndipo unandifunsa ngati mutu wako ukuyenda bwino, popeza unkakumbuka bwinobwino pomwe unaiika. Ndinakuyankha kuti munthu akakhala ndi ulendo amayiwala. Lachitatu m'mawa uli kosamba ndinaiika pansi pa matiresi pomwe tinali titayang'ana katatu. Mutu wako uli bwino, Patuma. Wanga ndiwo unasokonezeka ndi mantha. Ndinaganiza kuti ndikakutsekera pano chaka chimodzi maganizowo adzatha. Koma nditakuona pansi paja ndinazindikira kuti ukadzadziwa, udzapitabe, ndipo sudzabweranso. Kwa mayi wa nkhuni ndapita kale kukapepesa, ndawauza zoona. Kwa iwe ndikupepesa pano, chifukwa pamaso pako ndalephera.

Tsono popeza sindingakutseke, ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, ukakafika kwa dokotalayo, asanakugwire mphuno, umuonetse khutu lako ndipo umuuze za mayi ako, kuti anadulidwa kawiri ndipo kawiri konse nyama inabwerera. Akayankha mofulumira kuti palibe vuto, utuluke. Akakuuza kuti upite ukaganize, ameneyo ndiye dokotala, ndipo uganizedi, osati masiku anayi ngati ine.

Chachiwiri, tsiku lija la masabata asanu ulisunthe. Udikire miyezi khumi ndi iwiri. Udzakhala mlendo, wosadziwa njira, wosowa kwanu, ndipo munthu wotero amaona nkhope yake molakwika. Uyambe wazolowera ntchito, upeze anzako, upeze msikiti, udwale chimfine cha kumeneko nkuchira. Mphuno sithawa. Ikadzakhala ikukuvutabe chaka chamawa, undiimbire tikambirane ngati akuluakulu, ndipo sindidzakubisira kanthu kenanso.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ngati ziwiri zinazo uzikana, ichi chokha usachikane. Ukadzachita, kaya zayenda bwino kaya zalakwika, ubwere kunyumba. Usadzanditumizire mabulangete ndi mafoni m'malo mwa iwe. Usadzandiuze kuti kamera ya foni yawonongeka. Usadzadikire kuti chotupa chiphwe, kapena kuti akonzenso kachiwiri, kapena kuti upeze mawu abwino ondiuza. Ndili ndi zaka 67 ndi matenda othamanga magazi, ndipo lole ya ku Joni sindingaikwere. Ubwere ndi nkhope iliyonse yomwe udzakhale nayo. Sindidzakufunsa za telala. Ndidzakudziwa ndi mayendedwe ako uli patali, usanafike pampanda.

Mawa pa siteji sindinena chilichonse mwa izi. Ndikakufunsa ngati tikiti ili pafupi, ndikakupempherera, basi. Ukaona ndikukuyang'ana kwambiri, usandifunse.

Kuwerengera komaliza:

Kudulidwa kwanga: 2
Jakisoni: 6
Masiku okondwa: 19
Zaka zonyamula chipsera: 45
Zaka zomwe ndinawabera amayi: 3
Masiku omwe ndinakubera iwe: 2
Zopempha zanga: 3
Chosakanika mwa zimenezo: 1
Tsiku lobwera kudzandiona: ____________

Mzere womalizawo sindingathe kuuwerengera. Ulembepo wekha, undiuze, ndiyambe kuchotsera masiku.

Ndine mayi ako,
Abiti Saidi